Chakudya cha Nkhosa Yaikazi ndi Kubereka Kwake

Boma la Mwanza limadziwika m'dziko lonse chifukwa cha manachesi ake, ndiponso chifukwa cha msewu waukulu umene umachokera ku Blantyre, kudzera pa Zalewa, n'kukalowa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Koma munthu akapatuka pamsewuwo n'kulowa m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache kapena cha ku Thambani, amapeza makola ambiri a mbuzi, ndipo apa ndi apo amapezanso khola la nkhosa zamakolo, zija za mchira wamafuta. Nkhosa ndi zochepa poyerekeza ndi mbuzi, monga momwe zilili m'Malawi monse, komabe kwa mwini wake nkhosa iliyonse ndi chuma chosungidwa. Ndiyo imagula feteleza mvula ikayandikira, ndiyo imalipira sukulu ya mwana, ndiyonso imathandiza pakagwa zovuta pamudzi.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa oweta ambiri. Makola awiri angakhale m'mudzi umodzi, nkhosa zake za mtundu umodzi, mwinanso zokweredwa ndi mphongo imodzi; koma m'khola lina nkhosa zimaswa chaka ndi chaka, nthawi zina mapasa, pamene m'khola linalo zimadumphitsa chaka chathunthu popanda mwana. Ena amaloza chala mphongo, ena amati ndi mtundu, enanso amangoti ndi tsoka. Zoonadi mphongo yofooka ndi matenda zingalepheretse bere, koma kawirikawiri gwero la kusiyanaku ndi chakudya chimene nkhosa yaikazi inadya m'miyezi ndi m'masabata a isanakumane ndi mphongo. Chiwerengero cha ana amene adzabadwe chimakhala chitakonzeka kale m'thupi la mayi tsiku lokweredwa lisanafike.

Nkhokwe ziwiri za mazira

M'mimba mwa nkhosa yaikazi, kumapeto kwa nyanga ziwiri za chiberekero, muli tiziwalo tiwiri, kalikonse kokula ngati njere yaikulu ya mtedza. Tiziwalo timeneti ndi nkhokwe za mazira. Nkhosa imabadwa mazira ake onse ali kale m'nkhokwezi, zikwi zambirimbiri, ndipo pa moyo wake wonse sipangikanso mazira ena atsopano. Dzira lililonse limakhala m'kathumba kake kakang'ono kwambiri kosaoneka ndi maso. Tsiku ndi tsiku timatumba tingapo timadzuka n'kuyamba kukula, ndipo ulendo wa kathumba kuchokera pamene kadzuka kufikira pamene kaphulika n'kutulutsa dzira umatenga miyezi pafupifupi 6. Timatumba tambiri timafera panjira. Pa timatumba tonse toyamba ulendo, kamodzi kapena tiwiri tokha ndi timene timafika kumapeto pa nthawi imodzi. Pakafika kamodzi, mwana amabadwa mmodzi. Pakafika tiwiri, pamakhala mwayi wa mapasa. Pakapanda kufika n'kamodzi komwe, nkhosayo sifuna mphongo ndipo mwezi umadutsa chabe.

Ntchito ya nkhokwezi imayendetsedwa ndi mahomoni, ndiwo timadzi tamphamvu timene timapangidwa m'chiwalo china n'kuyenda m'magazi kukalamula chiwalo china. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamatulutsa homoni yotchedwa GnRH. Homoniyi simatuluka mosalekeza ngati madzi a pampopi ayi, imatuluka modukizadukiza ngati madontho, ndipo kufulumira kwa madonthowo ndiko kumanena zochita. Nkhosa ikayandikira kufuna mphongo, dontho limatuluka pafupifupi ola lililonse. Nthawi zina zonse pamadutsa maola angapo. Madonthowa amagwera pa kachiwalo kena kokula ngati nyemba kotchedwa pituitary, ndipo iko kamatulutsa mahomoni awiri: FSH, imene imakulitsa timatumba, ndi LH, imene imakhwimitsa kathumba n'kukaphulitsa.

Timatumba tikamakula timatulutsa homoni ya estrogen, imene imachititsa nkhosa kufuna mphongo kwa maola pafupifupi 24 mpaka 36. Estrogen yomweyo, pamodzi ndi homoni ina yotchedwa inhibin, imabwerera ku ubongo kukachepetsa FSH, kotero kuti kathumba kamene katsogola kamalanda timzake chakudya chokulira, timzaketo n'kufota. Dzira likatuluka, pamalo pamene linali pamamera kanyama kachikasu kamene kamatulutsa progesterone, homoni yosunga bere. Ngati bere silinagwire, kanyamako kamafota, ndipo pakatha masiku pafupifupi 17 nkhosayo imafunanso mphongo. Ngati lagwira, mwana amabadwa pakatha masiku pafupifupi 150, ndiyo miyezi 5.

Zambiri mwa zinsinsi zimenezi zinadziwika kudzera mwa nkhosa yomweyi. Roger Guillemin ndi anzake ku America anasonkhanitsa tizigawo ta ubongo wa nkhosa mamiliyoni kuchokera kumalo ophera nyama pofunafuna mahomoni a hypothalamus, pamene Andrew Schally ankachita chimodzimodzi ndi ubongo wa nkhumba. Mpangidwe wa GnRH unadziwika m'chaka cha 1971, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1977.

Mmene thupi limadziwira kuti kunja kuli chakudya

Kubereka ndi kuyamwitsa ndi ntchito yodya mphamvu zambiri, ndipo thupi la nkhosa siliyamba ntchitoyi mwachisawawa. Ubongo ndi nkhokwe za mazira sizingaone msipu wa kudambo, koma zimamva za chakudya kudzera m'magazi.

Nkhosa ikadya udzu, udzuwo umalowa m'chifu chachikulu mmene muli tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Tizilomboti ndi timene timaphwanya udzu n'kuusandutsa zinthu zimene thupi lingagwiritse ntchito, ndipo gawo lina la zinthuzo chiwindi chimalisandutsa shuga wa m'magazi. Komatu tizilomboti timafunanso kudya. Mapuloteni m'udzu akatsika kufika pansi pa magawo 7 pa 100 alionse, monga zimachitikira ndi udzu wouma wa m'chilimwe, tizilombo timafooka, udzu umakhalitsa m'chifu osagayika, ndipo nkhosa imaonda ngakhale mimba yake ikuoneka yodzaza.

Shuga akachuluka m'magazi, kapamba amatulutsa insulini, homoni ija imene Frederick Banting ndi Charles Best anaipeza ku Toronto m'chaka cha 1921, imenenso odwala matenda a shuga amaidziwa bwino. Insulini amatsegulira shuga njira yolowera m'ziwalo, ndipo timatumba ta mazira tili m'gulu la ziwalo zimene zimamumvera. Kathumba kamene kalandira shuga wokwanira kamakhala ndi mphamvu zopitirizira ulendo wake pa nthawi imene kakanafota.

Homoni yachiwiri ndi IGF-1, imene yambiri imapangidwa m'chiwindi. Ntchito yake pa nkhokwe za mazira ndi kuchititsa timatumba kumva msanga FSH, kotero kuti FSH yochepa yomweyo imakwanira kukulitsa timatumba tiwiri m'malo mwa kamodzi. Nthawi ya njala chiwindi chimachepetsa IGF-1, ngakhale kuti homoni yokulitsa thupi, imene masiku abwino imalamula chiwindi kupanga IGF-1, imakhala itachuluka m'magazi. Pa nthawi yotere thupi limatembenukira ku ntchito yosungunula mafuta ake kuti likhale ndi moyo, ndipo za mazira zimaikidwa pambali.

Homoni yachitatu ndi leptin, imene inapezeka m'chaka cha 1994 ndi Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York. Iyo imapangidwa ndi mafuta a m'thupi. Mafuta akachuluka nayonso imachuluka, ndipo imauza ubongo kuchuluka kwa zimene thupi lasunga. Mchira wa nkhosa yamakolo ukafota ndi nthiti zikayamba kuwerengeka, leptin ndi insulini zimatsika pamodzi, madontho a GnRH amatalikirana, LH imachepa, ndipo kathumba kamene kakanakhwima kamalephera kuphulika. Ndi chifukwa chake nkhosa yowonda kwambiri imatha miyezi osafuna mphongo ngakhale mphongoyo igone nayo khola limodzi. Ndi chifukwa chomwechonso nkhosa yoyamwitsa, imene mphamvu zake zikuthera mumkaka, imachedwa kutenganso bere.

Njira zitatu zimene chakudya chimagwirira ntchito

Oweta nkhosa anaona zimenezi kalekale mahomoni asanadziwike. M'chaka cha 1899 Walter Heape wa ku Cambridge analemba za kubereka kwa nkhosa za ku England, kumene oweta anali ndi chizolowezi chopititsa nkhosa zazikazi ku msipu wabwino masabata ochepa mphongo isanalowetsedwe, poona kuti potero mapasa amachuluka. M'zaka za m'ma 1960 Ian Coop wa ku New Zealand anasiyanitsa zinthu ziwiri: nkhosa yathupi labwino imatulutsa mazira ambiri kuposa yowonda, ndiponso nkhosa imene ikunenepa pa nthawi yokweredwa imaposa imene ikuonda, ngakhale ziwirizo zilemere chimodzimodzi pa tsikulo. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a ku Western Australia anapeza chinthu chachitatu chodabwitsa kwambiri. Nkhosa zimene anazipatsa mbewu ya mtundu wa nyemba yotchedwa lupin zinachulutsa mazira patangotha masiku pafupifupi 6, thupi lisanasinthe kulemera n'komwe.

Njira yachitatuyi inasonyeza kuti chakudya chimalankhula ndi nkhokwe za mazira mwachindunji, osadikira kuti mafuta aunjikane. Shuga, insulini ndi leptin zikakwera m'masiku otsiriza a ulendo wa timatumba, kathumba kotsogola kamachepetsako estrogen imene kamatumiza ku ubongo, FSH siitsika kwambiri, ndipo kathumba kachiwiri kamapulumuka. Apa ndi pamene pali mwayi wa mlimi wosauka, pakuti chakudya chochepa choperekedwa pa nthawi yake chimachita zimene chakudya chambiri choperekedwa pa nthawi yolakwika sichingachite.

Chaka cha nkhosa ku Mwanza

Kumaiko ozizira monga England nkhosa zimafuna mphongo pa nyengo imodzi yokha, usana ukayamba kufupika. Ku Malawi kutalika kwa usana sikusintha kwambiri chaka chonse, ndipo nkhosa zamakolo zingatenge bere mwezi uliwonse. Chimene chimalamula nyengo yobereka kuno ndi mvula ndi msipu.

Ku Mwanza mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kutha cha mu Malichi kapena Epulo. M'dzinja udzu umakhala wanthete, ngakhale kuti ziweto zambiri zimamangidwa pazingwe kapena kuyang'aniridwa pamalo ochepa poteteza mbewu m'minda. M'masika, anthu akakolola, nkhosa zimalowa m'minda kudya mapesi ndi zotsalira za mtedza ndi nyemba, ndipo ino ndi nthawi imene zimaoneka bwino koposa. Kuyambira Ogasiti zinthu zimasintha. Mapesi amatha, udzu umauma n'kutaya mapuloteni, moto wolusa umasesa tchire, ndipo pofika Okutobala, makamaka m'madera otsika ndi otentha oyang'ana ku Chikwawa, nkhosa zimayenda mtunda wautali kufuna chakudya ndi madzi. M'zaka za chilala nyengo yowawayi imayamba msanga. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino anali pa ngozi ya chilala, ndipo m'chaka chotero chimanga chikapserera m'munda, mapesi ndi madeya a ziweto nawonso amasowa.

Mlimi amene amasiya mphongo m'khola chaka chonse amalola nyengo kumusankhira. Nkhosa yokweredwa mu Epulo kapena Meyi, pamene ili ndi thupi labwino, imatenga bere mosavuta, koma imadzaswa mu Seputembala kapena Okutobala, pakatikati pa njala, mkaka n'kuchepa, mwana n'kufooka kapena kufa kumene, mayi n'kutha thupi. Nkhosa yokweredwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala imadzaswa kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, pamene chakudya chili ponseponse. Nyengo yachiwiriyi ndi yabwino kwa mwana, koma ili ndi vuto lakelake: nkhosa imafika pa nthawi yokweredwa itangotuluka m'chilimwe, ili yowonda, ndipo timatumba timene tikuyenera kutulutsa mazira mu Disembala tinayamba ulendo wake cha mu Juni n'kudutsa m'miyezi yonse yanjala. Chotero ntchito ya mlimi ndi kuolotsa nkhosa zake pa miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala zisanathe thupi, kenaka n'kuziwonjezera chakudya mphongo isanalowe.

Zofunika pa ntchitoyi zili m'midzi momwemo. Nandolo amalimidwa kwambiri m'chigawo cha kumwera, ndipo masamba ndi makoko ake otsala popuntha ali ndi mapuloteni ochuluka kuposa udzu wouma. Masamba ndi tsinde za mtedza, zikaumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa pathandala posafika chiswe ndi mvula, ndi chakudya chapamwamba. Madeya a chimanga amapatsa mphamvu. Kumene kuli mitengo ya msangu, zipatso zake zimagwa m'chilimwe, pa nthawi imene zikufunika kwambiri. Masamba a lukina ndi a gliricidia nawonso ndi othandiza, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa ali ndi poizoni amene akachuluka amathothola ubweya n'kudwalitsa chiweto. Mchere pang'ono ndi madzi oyera tsiku lililonse zimathandiza tizilombo ta m'chifu kugwira ntchito.

Kuwonjezera chakudya kuyambe masabata 2 kapena 3 mphongo isanalowetsedwe, ndipo kupitirire masabata ena 2 kapena 3 ili m'khola. Magalamu 200 mpaka 300 a madeya osakaniza ndi zotsalira za nandolo pa nkhosa iliyonse pa tsiku ndi okwanira kwa nkhosa zamakolo. Mlimi angayeze kamodzi pasikelo ya kusitolo n'kuika chizindikiro pachitini chimene azigwiritsa ntchito masiku onse. Muyezowu ufikidwe pang'onopang'ono pa masiku angapo, pakuti madeya ambiri operekedwa mwadzidzidzi amasasitsa chifu ndipo angaphe nkhosa.

Podziwa nkhosa zofunika chithandizo, dzanja ndi lodalirika kuposa diso. Mlimi agwire pamsana, kuseri kwa nthiti yomaliza. Ngati mafupa akubaya zala ndipo zala zikulowa mosavuta pansi pake, nkhosayo ndi yowonda. Ngati mafupa akumveka osalala, pokhapokha munthu atadinikiza, thupi lili bwino. Ngati sakumveka n'komwe, yanenepa mopitirira. Alangizi a ziweto amayeza zimenezi ndi manambala 1 mpaka 5, ndipo nkhosa yoyenera kukweredwa imakhala pa 3 kapena kupitirira pang'ono. Zimene zimapindula kwambiri ndi chakudya chowonjezera ndi zija zowonda pang'ono. Yonenepa kale siwonjezera mazira, ndipo yowondetsetsa imafuna miyezi iwiri kapena kuposerapo, osati masabata atatu. Mlimi wa madeya ochepa asawamwaze kwa khola lonse.

Malire ndi machenjezo

Chakudya chimangothandiza nkhosa kufika pa malire a mtundu wake, sichingaadutse. Nkhosa zamakolo kawirikawiri zimaswa mwana mmodzi, ndipo phindu lalikulu kwa izo ndi kutenga bere msanga ndi kusadumphitsa chaka. Mapasa amabwera ngati chowonjezera. Nkhosa za Dorper, zimene zinachokera ku South Africa, ndi zosakanizidwa nazo zimakula msanga, koma matupi akuluwo amafunanso chakudya chambiri, ndipo chikasowa zimafulumira kuonda kuposa zamakolo.

Bere likagwira, kudyetsa mopitirira muyezo m'mwezi woyamba kungabweretse vuto lina. Nkhosa ikadya kwambiri, magazi ochuluka amadutsa m'chiwindi, chiwindi n'kumachotsa progesterone mofulumira, ndipo kamwana kamene sikanakhazikike bwino m'chiberekero kangatayike. Pa nthawiyi chofunika ndi chakudya chokhazikika, chosakwera ndiponso chosatsika mwadzidzidzi. Chakudya chiwonjezedwenso m'masabata 6 omalizira, pakuti ndi pamene mwana amakula gawo lalikulu la thupi lake ndipo bere la mkaka limakonzeka. Nkhosa ya mapasa imene yasowa chakudya pa nthawi imeneyi ingadwale chifukwa cha kuchepa kwa shuga m'magazi: imadzipatula, imayenda ngati yakhungu, kenaka imagwa pansi, ndipo yotere imafuna dokotala wa ziweto mwamsanga.

Njala ya mayi imatsata mwana ngakhale atakula. Popeza mazira a mwana wamkazi amapangika iye ali m'mimba, kafukufuku wa ku Scotland anasonyeza kuti ana aakazi a nkhosa zimene zinasowa chakudya kuchiyambi kwa bere anadzatulutsa mazira ochepa atakula. Msoti nawonso sutha msinkhu chifukwa cha miyezi yokha, umatha msinkhu ukafika pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwa nkhosa yaikulu. Msoti wokweredwa usanafike pamenepo umapinimbira, ndipo mwana wake amabadwa wofooka.

Palinso mbala imene imadya pamodzi ndi nkhosa. Mvula ikagwa, njoka za m'mimba zoyamwa magazi zimachuluka m'msipu, ndipo nkhosa yogwidwa nazo imayera m'kati mwa zikope, nthawi zina n'kutupa pansi pa chibwano. Madeya operekedwa kwa nkhosa yotere amapita pachabe, chotero mankhwala a njoka aperekedwe motsata malangizo a mlangizi wa ziweto nyengo yokweretsa isanafike. Mphongo nayonso isaiwalike. Mbewu yake imatenga masabata pafupifupi 7 kuti ipangike, ndipo mphongo imene idzagwire ntchito mu Disembala iyenera kuyamba kudya bwino mu Okutobala.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma chilimwe cha ku Mwanza chimadziwika mwezi wake chaka ndi chaka. Mlimi amene akufuna ana a nkhosa mu Meyi ayambe ntchito yake m'masika a chaka chapitacho, posonkhanitsa zotsalira za mtedza zisanapondedwe, posunga makoko a nandolo m'malo mowatentha, ndi popatula thumba la madeya lodikira Novembala. Oweta amene akufuna kuphunzira kayezedwe ka thupi la nkhosa ndi dzanja, kapena kudziwa mankhwala oyenera a njoka za m'mimba, aonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lawo mvula isanagwe.